Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zaumoyo: makolo athu ayamba kuiwala, ife tikusowa kolowera

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, akuluakulu a ku unduna, akuluakulu a zaumoyo (ma DHO) m'maboma onse, ndi inu amene mumakhala pansi kusankha mankhwala oti agulidwe m'dziko muno,

Ndakupatsani moni ndi ulemu wonse, ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mphunzitsi wa ku pulaimale, wachiwiri kubadwa m'banja la ana asanu, ndipo ndalemba chifukwa cha amayi anga omwe ali ndi zaka 73. Sindinabwere kudzanyoza munthu ayi. Anamwino ndi ma clinical officer timawaona mmene akuvutikira, mzere kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka munthu ali yekha m'kachipinda. Koma zomwe tadutsamo ife zaka zitatu zapitazi sizoyenera kuti banja lina lidutsemonso, nde ndati ndilembe poyera kuti amene akusunga agogo kunyumba awerenge nawo.

Amayi anali msungichuma wa gulu la amayi kutchalitchi kwathu kwa zaka zambiri, ndalama ya banki mkhonde ankaiwerengera pamtima osalakwitsa olo kwacha imodzi. Ndiye zinayamba pang'onopang'ono. Mchere kuthira kawiri mu ndiwo. Funso limodzi kufunsa katatu nsima isanathe m'mbale. Nyemba kupserera pamoto iwo ali pakhonde akusenda mtedza, atayiwaliratu kuti anateleka. Tsiku lina anapita kuchigayo nkubwerako chimanjamanja, thumba la ufa atalisiya komweko, ndipo titawafunsa anakwiya kuti ife tikuwanamizira sanapite kuchigayo kulikonse. Tonse tinangoti ndi ukalamba, ngakhale ineyo ndinatero. Za kale ankazikumbukira bwinobwino, mayina a aphunzitsi awo a sitandade 3, nyimbo za pa ukwati wawo, koma zomwe adya mmawa womwewo ayi.

Dandaulo langa loyamba ndi mmene tinalandiridwira titapita nawo kuchipatala. Amene anatiwona anamva nkhani yanga mwina mphindi ziwiri, nkuseka pang'ono, nkunena kuti ndi ukalamba uwu, mukufuna akhale ngati mtsikana? Anatilembera panado ndi timapilisi togonetsa basi. Magazi sanatenge, funso olo limodzi kwa amayi eni akewo sanafunse, m'kabuku kawo ka kuchipatala munali mutalembedwa kale kuti amamwa mankhwala a shuga ndi a BP koma sanatsegule nkomwe masamba a kumbuyo. Timapilisi tija tinali diazepam. Amayi anayamba kudzuka ali zandizandi, kuiwala kuja kunachita kuwonjezeka. Titabwereranso patapita miyezi chifukwa madzulo ankavuta, kulongedza zovala kuti akupita kwawo pomwe ali pakhomo pawo pomwe, anawapatsa haloperidol, mankhwala omwe amapatsidwa odwala misala. Sabata ziwiri zokha thupi linauma gwa, manja kunjenjemera, malovu kutuluka, kuyenda mokhwekhwereza mapazi mpaka anagwa pobwera kubafa nkung'ambika pachipumi. Chilonda chija chinapola koma chipsera chilipo, ndimachiona tsiku ndi tsiku ndikamawamanga duku.

A Nduna, izi sizikanayenera kuchitika, chifukwa malangizo alipo kale. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi buku la mhGAP lomwe linalembedwera ndendende azaumoyo a m'zipatala zing'onozing'ono ngati zathuzi, ndipo ena kuno anaphunzitsidwapo nalo. Mmenemo muli gawo lonse la matenda oiwalaiwala, a dementia. Limanena mosabisa kuti diazepam apewedwe kwa anthu amenewa, ndipo haloperidol akhale womaliza, njira zina zikakanika komanso pakhale chiopsezo chenicheni, kuyambira pa mlingo wochepetsetsa. Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linachenjeza mu 2005, nkuwonjezera mu 2008, kuti mankhwala a mtundu wa haloperidol amawonjezera chiopsezo cha imfa kwa okalamba odwala dementia. Ife palibe anatiuza. Tinkawamwetsa ndi manja athu tikuganiza kuti tikuwathandiza.

Dandaulo lachiwiri ndi lomwe limandiwawa kwambiri, nde mundilole ndikhalitsepo. Kuiwala kwa munthu wamkulu sikuti nthawi zonse ndi Alzheimer, womwe ndi mtundu umodzi wa dementia. Pali zinthu zambiri zomwe zimayambitsa kuiwala ndipo zina zimachizika ndi ndalama yochepa zedi, bola wina afufuze. Ife tinadziwa izi titasonkherana abale nkupita nawo kwa dokotala wolipira mtauni. Iye anawafunsa amayi kuti lero ndi lachingati, anawauza mawu atatu kuti awasunge nkudzawafunsanso patapita mphindi zochepa, anawapatsa pepala kuti ajambule wotchi, zonsezi sizinafune makina aliwonse. Kenako anati titulutse mankhwala onse omwe amamwa, olo ogula pa golosale. M'chikwama munatuluka Piriton yemwe ankamwa pafupifupi usiku uliwonse kuti agone. Dokotala anapukusa mutu, anati ameneyu pamodzi ndi anzake ngati amitriptyline ndi promethazine amafooketsa mu ubongo chinthu chomwecho chimene munthu amafuna kuti azikumbukira. Atayeza magazi anapeza kuti vitamini B12 ndi wotsika, ndipo anatifotokozera kuti metformin, mankhwala a shuga omwe amayi amwa zaka zambiri, amatha kutsitsa vitamini ameneyu. Anayezanso chithokomiro, chindoko ndi HIV, poti zonsezi zimatha kusokoneza mutu wa munthu. Anafunsa ngati akumva bwino m'makutu, ngati akhala okhumudwa chimwalirireni bambo, ngati anachitapo ka sitiroko kakang'ono. Anayang'ananso khungu la m'khosi ndi m'manja, akuti kuno komwe timadalira chimanga kuli matenda a pellagra, osowa vitamini B3, omwe amabwera ndi zilonda za pakhungu, kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu.

Atasiya Piriton ndi diazepam uja, atabayidwa majakisoni a B12, BP itakhazikika, amayi anabwererako ndithu. Osati kuchira, koma anayambanso kucheza, kuseka, kudziwa kuti lero ndi tsiku la msika. Tsono ndimadzifunsa kuti ndi agogo angati m'midzimu omwe angotayidwa kuti apenga kapena akalamba, pomwe vuto lawo ndi vitamini kapena pilisi lolakwika? Amene alibe abale oti asonkhe ndalama ya dokotala wolipira amathera kuti?

Dandaulo lachitatu ndi la mankhwala enieni a matendawa. Patapita miyezi kuiwala kwina kunatsalabe ndipo kunkapitirira, dokotala anati zikuoneka kuti ndi Alzheimer yongoyamba kumene, nkuwalembera donepezil wa 5 mg, pilisi limodzi patsiku. Anatiuza chilungamo ndipo ndimamuthokoza pa chimenecho. Anati mankhwalawa sachiza, saimitsa matenda. Mu ubongo muli timadzi totchedwa acetylcholine tomwe timathandiza minyewa kutumizirana uthenga, mu Alzheimer timachepa, nde donepezil amangotchinga kuti tomwe tatsalato tisaphwanyidwe msanga. Ena amawathandiza pang'ono kwa kanthawi, ena sawathandiza nkomwe. Si mankhwala atsopano ayi, ku America anavomerezedwa mu 1996, anzake rivastigmine ndi galantamine anabwera pambuyo pake, kenako memantine mu 2003 yemwe amapatsidwa matenda akafika pakati kapena akakula. Patent ya donepezil, chilolezo choti kampani imodzi yokha ndiyo izipanga, inatha kalekale, makampani ambiri akupanga otsika mtengo.

Sabata zoyamba amayi anatsegula m'mimba, chakudya sichinkawakomera, usiku maloto oipa mpaka kukuwa. Dokotala anati tizipereka mmawa m'malo mwa usiku, ndipo ulendo uliwonse ankawagwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima chifukwa mankhwalawa amatha kuchedwetsa mtima munthu nkukomoka. Zitakhazikika tinaona kusintha kochepa koma kwa ife kunali kwakukulu. Anasiya kusokoneza mayina a zidzukulu, anayambanso kutsogolera nyimbo pa mapemphero a madzulo, ankatha kudzisambitsa ndi kuvala okha osatembenuza bulauzi. Wina anganene kuti ndi zochepa zimenezo, koma amene anasambitsapo mayi wake womubereka akudziwa kuti chaka chimodzi choti adzisambitse okha ndi chamtengo wapatali bwanji.

Vuto ndi kuwapeza. Pa windo la mankhwala kuchipatala chathu anatiuza kuti amenewo sasunga, wina mpaka anachita kufunsa kuti amalembedwa bwanji. M'mafamase a mtauni mwezi uno apezeka, mwezi wamawa kulibe akuti forex, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo unakwera moti malipiro a mphunzitsi sakanakwanitsa. Pano amagula ndi achimwene anga omwe ali ku Johannesburg nkupatsira anthu obwera pa basi. Basi ikachedwa pa border kapena munthu wapatsiridwayo akasintha tsiku, amayi amakhala masiku osamwa, ndipo dokotala anatichenjeza kuti akadukiza nthawi yaitali pamafunika kuyambiranso pa mlingo wochepa. Mankhwala a munthu wodwala ubongo akuyenda m'chikwama cha munthu wosamudziwa, pakati pa sopo ndi mafuta ophikira, kudutsa malire a mayiko. Nanga amene alibe mbale ku Joni?

Pano ndinene chinthu china kuti anzanga owerenga musandimve molakwika, ndipo a Nduna musaganize kuti ndikupempha kuti donepezil azigawidwa ngati panado. Ayi. Pali anthu amene amangoiwala pang'ono koma ntchito zawo zonse akugwira okha, madokotala amati mild cognitive impairment. Kwa amenewa kafukufuku sanaonetse kuti donepezil ndi anzake amaletsa kuti vutolo lisafike pa dementia, amangowapatsa kutsegula m'mimba ndi nseru. Madokotala a ubongo a ku America mu malangizo awo a 2018 anati chomwe chingathandize anthu otere ndi masewera olimbitsa thupi kawiri pa sabata komanso kusiya mankhwala osokoneza mutu aja. Buku la mhGAP nalonso limati donepezil asaperekedwe kwa aliyense woiwala, koma pokhapokha pali wodziwa kuzindikira Alzheimer ndi kulondoloza wodwalayo. Ndiye nkhani yagona pa kuyeza. Popanda woyeza, amene akufunika mankhwala sawapeza, amene sakufunika akumwa zolakwika.

Dandaulo lachinayi, anthu ogulitsa chiyembekezo. Boma likakhala chete pamalopo pamabwera ena. Pa WhatsApp ndi pa Facebook padzaza timabotolo ta memory booster, brain tonic, ma tiyi, ma ufa, ena amakwera nazo m'mabasi nkumalalikira ngati abusa. Ife tisanapite kwa dokotala uja tinagulako mabotolo atatu a ginkgo kwa mayi wina amene analumbira kuti agogo ake anachira, ndalama yake inali ya feteleza. Pambuyo pake ndinadzamva kuti ku America anachita kafukufuku wamkulu pa okalamba oposa 3,000 kwa zaka zingapo, zotsatira zinatuluka mu 2008, ndipo ginkgo sanateteze anthu ku dementia. Tili ndi bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala m'dziko muno. Tikufuna tizilimva likulankhula pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao za zinthu zimenezi.

Enanso atumiza kale ma link m'gulu la banja lathu kuti kunja kwapezeka mankhwala ochiza Alzheimer. Msuweni wanga amene amasamalira okalamba ku Leeds, ku Britain, ndi amene anatikhazika mtima pansi. Zoona mankhwala atsopano alipo koma sachiza, lecanemab yemwe anavomerezedwa kwathunthu ku America mu July 2023 ndi donanemab mu July 2024. Amachotsa zinyalala zotchedwa amyloid zomwe zimaunjikana mu ubongo, ndipo ndi a anthu omwe matenda angoyamba kumene. Lecanemab amalowa pa diripi sabata ziwiri zilizonse, mtengo wake unalengezedwa pa madola 26,500 pachaka, ndipo pa kafukufuku wa anthu pafupifupi 1,800 anachedwetsa kulowa pansi ndi 27 peresenti pa miyezi 18. Kuchedwetsa chabe, munthu amapitirirabe kudwala. Amathanso kutupitsa ubongo kapena kuyambitsa kukha magazi mkati, nchifukwa chake wodwala amafunika kujambulidwa ubongo pa makina a MRI kangapo. Ku Britain komwe kuli ndalama, bungwe la NICE, lounika mankhwala oti boma lizigula, linati phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi mtengo ndipo NHS, zipatala za boma za kumeneko, isalipire. Nde ine sindikupempha amenewo a Nduna, ndikudziwa thumba la dziko lathu. Ndikupempha zinthu zomwe mtengo wake sufika olo pa kachigawo kakang'ono ka pamenepo.

Chomaliza pa madandaulo, ndipo apa ndikulemba manja akunjenjemera. Usiku wina mvula itangoyamba amayi anatuluka tonse tili mtulo. Anapezeka mbandakucha mudzi wachiwiri kuchokera kwathu, pafupi ndi manda, atavala chitenje chimodzi, osatha kunena dzina lawo chifukwa cha mantha ndi kuzizidwa. Anthu anali atayamba kale kusonkhana, mawu oti mfiti yagwa anali atatuluka kale pakamwa pa anyamata ena. Anawapulumutsa ndi mayi wina amene ankapemphera nawo limodzi, anawazindikira nkuwafunditsa nsalu yake. Mayi ameneyo akanachedwa mphindi khumi sindikudziwa kuti bwenzi ndikulemba kalata yotani lero. Tonse tikukumbukira za ku Neno mu January 2016 pomwe okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. A MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oimira okalamba, akhala akulira chaka ndi chaka za kuphedwa kwa okalamba. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma lamulo lili m'buku, gulu la anthu lili pa manda 5 koloko mmawa. Chimene chingateteze gogo wosochera ndi mudzi womwe unamvapo kuti kuli matenda otere, kuti ali ndi dzina, ndipo kuchipatala amawadziwa.

WHO imati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi dementia ndipo oposa 60 peresenti ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Ma ARV atalikitsa moyo wa anthu athu, tikuthokoza, ndipo BP ndi shuga zachuluka m'midzi momwe. Okalamba achuluka ndipo oiwala achulukanso. Mayiko a mu WHO, ife tili momwemo, anagwirizana mu 2017 pa ndondomeko yothana ndi dementia. Choncho mwaulemu ndikupempha izi:

1. Munthu wamkulu akabwera ndi dandaulo la kuiwala, mawu oti ndi ukalamba asakhale yankho. Pakhale pepala limodzi lokha, lomata pakhoma m'chipinda chilichonse choonera odwala, la mafunso oyeza kukumbukira m'zilankhulo zathu, oganiziranso agogo omwe sanapite kusukulu poti kujambula wotchi si onse angathe.

2. Ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino aphunzitsidwe gawo la dementia la mhGAP, makamaka kuunika mankhwala onse omwe gogo akumwa ndi kusiya kupereka diazepam ndi haloperidol ngati njira yoyamba. Pomwe haloperidol wafunikadi, abale auzidwe zizindikiro zoopsa ndi tsiku lobwerera.

3. Zipatala za m'maboma zizitha kuyeza B12 ndi chithokomiro, kapena kutumiza magazi komwe angayezedwe monga zimachitikira ndi viral load, ndipo jakisoni wa B12 asamasowe. Amene amwa metformin zaka zambiri aziyezedwa osadikira kuti ayambe kuiwala.

4. Donepezil ndi memantine azipezeka kudzera ku Central Medical Stores, olo poyambira pa Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu basi, kwa odwala omwe ayezedwa bwino ndi dokotala wodziwa. Akayamba kumwa, azitha kutengera mankhwalawo pa chipatala cha pafupi ndi kwawo, ndipo pakhale kuunikanso pakapita miyezi kuti ngati sakuthandiza asiyidwe. Gogo wa ku Chitipa kapena Nsanje sangamakwere basi mwezi ndi mwezi kukatenga mapilisi 30.

5. Kuiwala kulowe mu kiliniki za matenda a mgonagona, zomwe zikuona kale BP, shuga ndi khunyu. Ku Neno anaonetsa kale kuti kiliniki imodzi itha kuona HIV ndi matenda enawa pamodzi. Tisamatumize gogo aliyense woiwala ku Zomba Mental ngati kuti ndi misala, mabanja ambiri amangobwerera kunyumba akamva dzina limenelo.

6. PMRA ifufuze zomwe zikugulitsidwa ngati mankhwala a ubongo ndipo ilengeze poyera zomwe yapeza.

7. Ma HSA, mafumu, abusa, mashehe ndi apolisi a m'madera auzidwe za matendawa, ndipo unduna wanu ugwirizane ndi unduna woona za okalamba kuti mabanja osunga odwala otere aganiziridwe pa Mtukula Pakhomo. Mlongo wanga wamng'ono anasiya geni yake ya tomato kuti azikhala ndi amayi usana ine ndili kusukulu, ndipo pali ambiri onga iye omwe palibe amawawerenga.

Mukafuna umboni, kabuku ka amayi ka kuchipatala ndakasunga, masamba onse alipo kuyambira tsiku la panado lija. Ndili wokonzeka kubwera nako kulikonse mungandiitane, ndipo ndikudziwa mabanja ena anayi m'dera lathu lokha omwe angabwere nane. Anzanga amene mwawerenga, ngati kwanu kuli gogo amene wayamba kufunsa funso limodzi katatu, tengani mankhwala onse amene amamwa muwaike m'jumbo mupite nawo kuchipatala, mukapemphe kuti awaunike limodzi ndi limodzi, ndipo kalatayi itumizeni kwa phungu wa kwanu.

Pamene ndikumaliza kulemba, m'kabotolo ka amayi mwatsala mapilisi 9. Achimwene akuti munthu amene amupatsira anyamuka Lachisanu.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi, mwana wa mayi amene akuiwala